Mzere woyera pa chivindikiro

Yami mlongo wanga, lero m'mawa ndimatsegula kontena ya ndiwo, chivindikiro n'kupindika, ndipo pamene chapindikapo patuluka mzere woyera. Ndangokhala pansi m'khitchini momwemo. Ndakumbuka Lamulungu lija unabwera kunyumba kwanga ku Barking, kutsidya kwa nyanja kuno, n'kuyamba kuponya makontena anga a ayisikilimu mu bini. Ndinakukalipira: "Iwe, maphunziro a mapulasitiki ku yunivesiteko akuzunguza mutu eti? Kwathu kontena sititaya!" Unangoseka, n'kutenga chivindikiro chimodzi, ndipo unachipinda uli pafupi ndi windo mpaka chinayera. Unati, "Achemwali, kuyera uku si utoto ayi. M'katimu mwatseguka timabowo tosaoneka ndi maso. Kunjaku chikuoneka cholimba, koma chayamba kale kutha. Ife ku labu timasakaniza mankhwala ena mu pulasitiki kuti adzaze mipata, timabowoto tisayambe msanga."

Patangopita miyezi yochepa unagwa pa siteshoni ku Woolwich, ukupita ku labu komweko, ndipo sunadzukenso. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unali utafooka kalekale popanda chizindikiro chilichonse. Bola pulasitiki imayera, imachenjeza. Thupi lako silinanene kanthu, Yami. Unadya, unaseka, n'kuthamangira sitima. Mayi ku Malawi ankadikira digiri, ife tinawatumizira bokosi. Chivindikiro chaleroli ndachitsuka, ndachibwezera pa kontena yake. Ngati ukufuna chitayidwe, ubwere udzataye wekha.