Kugwedezeka Kukatha

Nditamaliza mayeso a Fomu 4, ndinalibe chochita podikira zotsatira. Anamwino ena amene timaimba nawo kwaya, a Nabanda, anandifunsa ngati ndimaopa anthu odwala khunyu. Ndinayankha kuti ayi, ngakhale kuti ndinali ndisanamukhudzepo ndi mmodzi yemwe. Umu ndi mmene ndinayambira kuthandiza pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Mtakataka, pa masiku amene odwala khunyu amabwera kudzalandira mankhwala. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ndimafuna kudzakhala namwino.

Ntchito yanga inali ya kachipangizo kotchedwa okisimita. Kamaoneka ngati chopanira zovala pa chingwe. Ukakapana pa chala cha wodwala, kamaonetsa manambala awiri: ya pamwamba ndi ya mpweya wa m'magazi, ya pansi ndi ya kugunda kwa mtima. Kupuma kwenikweniko ndimakuona ndi maso, kapena kukumva poika dzanja pa nthiti. A Nabanda anandiuza mwachidule: "Munthu akagwa, mugoneke chammbali, usamuike kanthu m'kamwa, usamupanikize. Nambala ya pamwamba ikatsika pa 90, undiitane."

Odwala ambiri amakakonda kachipangizoko. Ena amaganiza kuti kamachiza. Ndimawafotokozera kuti kamangoonetsa, koma agogo ena amatambasulabe dzanja lachiwiri kuti nalonso lilandireko.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mu Okutobala, masana kukutentha, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Pa benchi panali Esinati, mayi wachitsikana wolima mpunga ku Bwanje, ndi amayi ake, a Nasibeko. A Nabanda anali m'chipinda chochirira ndi mayi wina amene matenda ake anafika mwadzidzidzi. Pakhonde ndinatsala ndekha ndi odwala.

Esinati anabuula kamodzi n'kugwa. Benchi yonse inabalalika, ena atatseka mphuno ndi zitenje, poti kwathu kuno amati wodwalayo akaipsa mpweya iwe n'kuupuma, watenga matendawo. Ndinamugoneka chammbali n'kuika juzi yanga pansi pa mutu wake. Kachipangizo kamagwa ndikangokapana. Zala zake zinali zokhakhala, matope a kumunda atauma m'zikhadabo. Ndinapukuta chala chimodzi ndi thonje, n'kukagwirizira ndi dzanja langa. Mtima umathamanga koopsa. Milomo inayamba kutuwa.

Kenako kugwedezeka kunatha. Mitima ya anthu inakhala pansi, ena n'kuyamba kubwerera pa benchi. A Nasibeko anavula chitenje chapamwamba n'kumufunditsa mwana wawo mpaka kumutu, chifukwa anali atadzinyowetsa ndipo panali amuna.

"Zatha, mwanawe," anatero. "Musiye agone. Kunyumba timatero."

Inenso ndinafuna kukhulupirira kuti zatha. Koma chala chinali chidakali m'dzanja langa, ndipo nambala ya pamwamba imatsikabe. Ya mtima, imene imathamanga ija, nayo inayamba kubwerera pansi. Ndinachotsa chitenje kumaso n'kuika dzanja pa nthiti. Sizimasuntha.

"Amayi, kaitaneni anamwino."

"Iwe, bwanji ukumuvundukula pa anthu?"

"Sakupuma, amayi. Pitani."

Ndinamva akugogoda chitseko, ndipo mawu a a Nabanda anatulukira pa zenera: "Mutu wa mwana watuluka, sindingachoke. Pukuta malovu, kweza chibwano, muitane dzina. Usamusiye."

Makina opatsira mpweya anali pakona pomwepo, koma popanda magetsi anali ngati bokosi chabe. Ndinakweza chibwano. Ndinasisita msana mwamphamvu. Ndinaitana Esinati, Esinati, mpaka mawu anasasa. Zonse zimene ndimadziwa zinathera pamenepo. Kachipangizo kamandiuza molondola mmene moyo wa munthuyo umathera, ndipo ine ndimangowerenga.

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mwadzidzidzi anakoka mpweya ndi phokoso lalikulu ngati nkonono, n'kukhalanso chete, n'kukokanso. Nambala inaima, kenako inayamba kukwera pang'onopang'ono. Pamene a Nabanda amatuluka, magolovesi ali m'manja, Esinati anali akupuma bwino. Iwo anamuyeza, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Esinati atadzuka, sanakumbuke chilichonse. Amangodandaula kuti mbande zake ziuma ku nazale. A Nasibeko anayandikira a Nabanda mwaulemu.

"Anamwino, kanthu kapachala aka mutibwerekeko. Ndi kamene kamudzutsa."

"Sikadzutsa munthu, mayi. Ndipo tili nako kamodzi komweka. Kodi akagwa kunyumba, amakhala naye ndani?"

A Nasibeko anayankha kuti palibe. Mwamuna anamusiya. Ali ndi kanyumba kake, mbale yake ndi kapu yake. Akagwa, amamufunditsa n'kutseka chitseko kuti ana asaone.

Ndinapempha a Nasibeko kuti ndiwaonetse poika dzanja. Anavomera, koma anayamba apinda chitenje kangapo n'kuchiika pakati pa dzanja lawo ndi nthiti za mwana wawo.

"Sindikumva kanthu," anatero.

"Chotsani chitenjecho, amayi. Onani ine, ndamugwira ndipo sindinatenge kanthu."

Anandiyang'ana. "Iwe ndiwe wa kuchipatala. Munabayidwa zanu."

Sanachichotse. Esinati yemwe anaseka n'kunena kuti tisawavutitse amayi ake, akalamba. Analandira mapiritsi ake, nanyamuka ulendo wa ku Bwanje, wina patsogolo wina pambuyo.

Mwezi wotsatira sanabwere. Winawo mvula inayamba, njira zinaipa, ndipo odwala ambiri akutali sanafike. Ndinafunsa amayi ena a kumeneko, koma anati sakumudziwa. Mpaka ndinachoka pa chipatalapo sindinamve kanthu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ali moyo.

Chimene ndinatengapo ndi ichi: nthawi imene anthu amati zatha ndi imene wodwala amafuna munthu pafupi. Ndimauza aliyense amene angandimvere, kutchalitchi ngakhale pachigayo, kuti kugwedezeka kukatha asamufunditse kumutu, asatseke chitseko, aike dzanja pa nthiti mpaka wodwalayo alankhule. Ambiri amavomera ndi mutu. Amene amaikadi dzanja, sindinawadziwe.