Foni ya ku Joni ndi khutu la Yamikani

Lachiwiri lapitali, ndikuchokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa kuno ku Chintheche, ndinamva ana akukuwa kuseri kwa munda wa chinangwa. Ndinkayesa ndi mpira. Mayo ine! Ndinapeza Yamikani, mwana wa nesi woyandikana nane nyumba, ali thasa pansi, magazi akutuluka m'khutu. Pambali pake panaima Wongani wa Sitandade 4, mtengo wa chinangwa uli m'manja.

Anzawo sanathawe. Ankangodikira.

"Mukudikira chiyani apa?" ndinakalipa.

"Kuti adzuke, madamu," anatero Wongani. "Wangofa kamodzi. Yatsala miyoyo iwiri."

M'magemu a pafoni amene anawa amasewera, munthu ukamupha amadzukanso ali bwinobwino, ndewu n'kupitirira. Iwo ankadikira zomwezo.

Mundiuza kuti ana anayamba kale kumenyana. N'zoona. Ifenso kwathu ku Mulanje tinkaumba timilu tadothi n'kumati awa ndi mabere a amako, wina akangoponda ndewu yabuka. Koma magazi akaoneka tonse tinkabalalika, womenyayo patsogolo, mtima uli phaphapha. Mantha amenewo anapita kuti?

Tsiku lomwelo ndinapita kwa a Nyachirwa, mayi a Wongani, nditakwiya zedi. Ndinawapeza akuyanika chinangwa pathandala.

"Madamu, ndamva kale," anatero asanandipatse n'komwe pokhala. "Foni imene amasewerapo magemuyo anatumiza ndi bambo ake ku Joni. Anachoka mwanayu akukwawa, mpaka lero. Mwezi watha ndinayesa kumulanda, anandigenda ndi mwala, chipsera chake ndi ichi. Pogona amachita kuikumbatira. Ndiye mukuti ndimulande bambo ake kachiwiri?"

Ndinabwerera kunyumba.

Kodi ndi gemu imene inamenya Yamikani? Sindinganame, sindikudziwa. Ana ambiri amasewera zomwezo koma sanavulazepo munthu. Komatu taganizani. Bambo ali ku Joni. Mayi ali kumunda, kapena akuchapa nsalu za alendo ku Kande. Mwana watsala ndi kachinthu komuombera m'manja nthawi iliyonse akapha munthu. Adzamuuza ndani kuti mnzake akamenyedwa amamva kuwawa?

Ife aphunzitsi? Musandiseketse. Kalasi yanga imadzaza mpaka pakhomo, ena mayina awo ndimawaiwala. Tikaitanitsa msonkhano wa makolo timayankhula ndi mabenchi. Amati kuwongola mtengo m'poyamba, koma pano wowongolayo palibe, aliyense akusaka chakudya.

Zikundipweteka, ndipo sindikuona potulukira. Mafoni akubwerabe, ndipo anyamata amene ndinawaphunzitsa dzana akukweranso basi ya ku Joni, kusiya makanda kumbuyo.

Yamikani khutu lamanzere silikumva. Mayi ake, amene amachiritsa ana a eni tsiku ndi tsiku, akuti mwina lidzatseguka, mwina ayi. Kusukulu wakaniratu. M'mawa akamva belu amakabisala kubafa, ndipo mayi akewo ayamba kupempha kuti awasamutse.

Dzulo poweruka Wongani anandithamangira.

"Madamu, Yamikani abwera liti? Gemu ija sitinamalize."

Ndinamuyang'anitsitsa kufuna kuona chipongwe. Munalibe. Ankafunsa ngati mwana amene wasowa mnzake wosewera naye.

Inuyo mukanamuyankha chiyani?