Tsiku Limene Achemwali Anationetsa Phiri la Tumbine

Kwathu zokumbukira tsiku lobadwa sitinkazidziwa. Ukabadwa wabadwa basi, chotsala ndi kukula. Ndiye pamene achimwene athu a ku Limbe anatumiza uthenga woti akubwera kudzasangalalira kuti achemwali akwanitsa zaka sikisite, ine ndinangoti apa pali kanthu. Achimwene amenewo ndimawadziwa, sakwera basi pachabe.

Tinabadwa anayi. Oyamba ndi achemwaliwo, kenako achimwene a ku Limbe, kenako ine, ndiye mzime wathu, mwamuna, amene amakhala ku Mocuba. Nkhondo itatithamangitsa, tonse tinakakhala ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utabwera, achimwene anatsalira komweko poti anali atakwatira ndiponso atapeza ntchito. Enafe tinabwerera kuno ku Milange. Achemwali anabwerera ali amasiye, alamu titawaika ku msasa konko, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anadzakwatiwa kutali ku Nampula. Pamene panali nyumba yathu tinapezapo tchire lofika m'khosi. Mchemwali wangayo analambula yekha, anaumba njerwa yekha, anaotcha uvuni yekha. Anthu ankati mkazi uyu ali ndi mafupa achimuna. Ine ndinkawayankha kuti amuna ake ati? Amuna ambiri anali akugonabe m'zisakasa pamene achemwali ankakhoma chitseko cha nyumba yawo.

Koma patapita zaka maso awo anachita ng'ala. Zinayamba pang'onopang'ono, kulephera kulowetsa ulusi pa singano, kenako kulephera kuzindikira munthu akamabwera panjira. Pofika chaka chimenecho ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi. Ine ndinkadziwa chifukwa makomo athu anayang'anizana, ndipo tinkabisa. Koma mphekesera sidinditsa pasipoti pamalire. Wina mwa ogula chimanga anakaitula nkhaniyo ku Limbe.

"Akubwera kudzanditenga," anatero achemwali nditawauza za uthengawo. "Akandiike m'kachipinda, ndizikadikira kuti mlamu andipatse madzi osamba. Ine? Nyumba iyi ndiisiyire chiswe?"

Ndinayesa kuwauza kuti mwina kumeneko kuli madokotala a maso.

"Chipatalacho ndi nyambo, mbedza ili m'kati. Ndikawoloka ndawoloka. Tamvera iwe. Alendo amakonda kuona malo. Ndiwayendetsa ndekha m'vila, m'tauni monse muno, mpaka kuphiri. Munthu woyendetsa alendo angamunene kuti saona?"

Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sanaseke. M'mawa mwake anandidzutsa kuti tikayambe kuyeserera.

Tinayenda njira imeneyo mobwerezabwereza mpaka mapazi anga anatupa. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Njira ankaidziwa kale, chimene ankafuna kwa ine ndi zatsopano. "Sitolo ya pakona ija aipaka utoto wanji?" Ndinkati wobiriwira. "Nanga patchalitchi malata afika pati?" Ndinkati atsala mbali ya kumadzulo. Zonsezo ankazisunga m'mutu ngati mwana wa katekisimu. Tinapangananso kuti pakakhala ngalande kapena chitsa, ine ndizitsokomola kamodzi, iwo azitalikitsa phazi. Kunena zoona mtima unkandiwawa kunamiza abale anga, koma kulimba kwa mayi ameneyo kunkandigonjetsa. Sindinaonepo munthu womenyera khomo lake chotero.

Alendo anafika Lachisanu, nyengo yokolola nandolo. Mzime anatsika chapa, minibasi zathu zija, atasenza thumba la koko, kokonati uja, akukuwa ali patali, "Parabenzi, mana! Parabenzi!" Iyeyo Chipwitikizi chinamulowa m'magazi, mafuno abwino amati parabenzi, achemwali amawatchula mana. Achimwene a ku Limbe anabwera ndi keke m'katoni, koma wina anaikhalira m'minibasi moti inafika ili phwatalala ngati chigumu. Akulowa pabwalo ndinanong'oneza achemwali kuti achimwene achita imvi.

"Iii, mwana iwe, imvi zonsezi?" anatero achemwali powapatsa moni. "Ukufuna undipitirire ukulu?"

Achimwene anadzigwira kumutu, n'kundiyang'ana ine. Madzulo ake, achemwali akutsekera nkhuku, achimwene anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Iwe, maso awo ali bwanji? Usandinamize."

"Amasankha mpunga okha," ndinatero, osaphethira.

"Ndiona mawa. Ngati zimene ndamvazo n'zoona, Lamulungu ndiwoloka nawo. Sindingalole kuti mlongo wanga adzafere m'nyumba yekha ngati alibe abale."

Sindingawanene kuti anali ndi mtima woipa, ayi. Achemwali ndiwo anawabereka kumbuyo ali khanda, ndiwonso anawasungira ufa wawo ku msasa pamene ankadwala. Munthu ankafuna kubweza, kungoti ankabweza ndi chinthu chimene mwiniwake sankachifuna.

Loweruka achemwali anavala chitenje chatsopano ndi duku, n'kutsogola. Abale anga, mukanawaona! Mutu uli chilili, dzanja likuloza uku ndi uku. "Sitolo iyo yobiriwirayo inali bwinja, m'katimo munamera mpapaya. Uko ndi kumaofesi a boma, atsegulanso." Ine pambuyo, khoo, iwo phazi tambasu, ngalande yadutsa.

Kumsika ndiye kunali kwawo. Aliyense wowapatsa moni ankamuyankha ndi dzina la mwana wake, osaphonya, poti mawu a anthu ankawadziwa ngati nyimbo za m'tchalitchi. Anatikhazika pa benchi la mayi wina wogulitsa mukapata, mpunga uja amauphika pamodzi ndi mphodza ndi mkaka wa koko mpaka zigwirane. Achimwene anangolawa kamodzi n'kutseka maso.

"Kodi zinthu izi zikadalipo?"

"Ukanakhala kuno bwenzi ukufunsa?" anatero achemwali. "Idya, ku Limbe ukadya chipisi."

Mzime anamaliza mbale yake n'kuyamba ya ine, ndinachita kumumenya padzanja.

Tinadzera kutchalitchi, komwe achemwali anagunda khoma ndi chikhatho n'kunena kuti njerwa za m'munsizi zinabwera pamutu pawo. Kenako tinapita kufakitale yakale ya tiyi kumene bambo athu ankagwira ntchito. Denga kunalibe, makina anachita dzimbiri, ndipo tiyi amene kale ankalekeza m'chiuno anali atakula n'kusanduka nkhalango. Achemwali anatidutsitsa m'kanjira ka m'nkhalangomo akufotokoza pamene bambo ankayezetsera masamba, ndi pamene ife tinkawadikirira ndi chinangwa chootcha. Mzime anali wamng'ono nthawi imeneyo, ndiye ankangofunsa mafunso. Ndinaona nkhope ya achimwene ikumasuka, ndipo mumtima ndinati tapambana.

Chinatsala ndi kachitunda ka kuseri kwa fakitale, pamene phiri la Tumbine limaonekera lonse. Masiku onse oyeserera aja kunali kowala, phiri lili poyera. Tsiku limenelo, tikutuluka m'nkhalango muja, ndinakweza maso kuyang'ana kuphiri. Mtambo unali utaliphimba phiri lonse kuyambira pamwamba mpaka m'tsinde, chikhalirecho pamene tinaima ife dzuwa linali phwee, kamphepo kalibe. Ndinatsokomola. Achemwali anatalikitsa phazi kudumpha ngalande yomwe panalibe. Ndinatsokomolanso mwamphamvu, iwo anadumphanso. Za mtambo tinali tisanapangane chizindikiro.

Anaima pamwamba pa chitunda, n'kutambasula dzanja.

"Ilo phiri lathu. Taonani mmene lakongolera lero! Mwala uwo wapamwambawo ndi umene amayi ankati ukawala ndiye kuti mvula yatha. Kumanzereko, mwaona kamzere koyerako? Ndi mathithi aja tinkakasambako. M'munsimo anthu atsegulanso minda, onani mmene akwerera nayo."

Kutsogolo kwathu kunali mtambo wokhawokha, woyera ngati thonje. Atatufe tinayang'anana. Mzime anatsegula pakamwa, "Koma mana..." Achimwene anamuponda phazi.

"Inde, achemwali," anatero achimwene. "Likuoneka bwino kwambiri."

"Mathithiwo wawaona?"

"Ndawaona."

Misozi inali ikutsika m'masaya mwa achimwene, osaipukuta. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Ndinakwiyira mtambo, ndinakwiyira phiri, ndinadzikwiyira ndekha. Pobwerera achemwali ankacheza ngati kale, ife atatu tikuyenda ngati tikuchokera kumanda.

Kunyumba kunali phwando lenileni. Kalongonda anali pamoto kuyambira dzulo lake, ndipo amene amamudziwa akudziwa kuti nyemba imeneyo siphikidwa ndi munthu waulesi. Ukapanda kuiwiritsa mokwanira ndi kutaya madzi ake kangapo, imazunguza mutu banja lonse. Achemwali anatenga imodzi, kuifinya ndi zala, kuilawa, n'kunena kuti yapsa. Anakhala pansi kukokota koko wa mzime uja, zala zikuyenda pafupi ndi mano a chitsulo koma osadzicheka. Nkhuku anaiotcha pamakala akuiwaza mkaka wa koko wosakaniza ndi adyo, mandimu ndi tsabola, fungo lake mpaka agalu a kutsidya kwa msewu anabwera kudzaonerera. Panalinso makaka ophika ndi nandolo watsopano, ndi chigwada chotendera.

Achimwene anakhala pampando pakhomo la khitchini, maso ali pa manja a achemwali. Ataona kuti mphika wa madzi otentha uli pafupi ndi phazi lawo, ananyamuka mwakachetechete n'kuusunthira kukhoma. Posakhalitsa achemwali anatambasula dzanja pamene panali mphikawo, n'kugwira mphepo. Anapapasa uku, anapapasa uko, mpaka chala chinakhudza khala lamoto.

"Ndani wasuntha mphika wanga?" Mawu awo anali akuthwa. "Muno chinthu chimakhala pamene ndachisiya. Wofuna kundithandiza akhale pansi."

Achimwene anabweza mphikawo pamalo pake ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Tinadya pamphasa pabwalo. Nthutumba ya nkhuku achemwali anaipeza ndi zala n'kuiika m'mbale ya achimwene. Mzime anaimba nyimbo yake ya Chipwitikizi ya tsiku lobadwa, yekhayekha, akuomba m'manja, ndipo keke yophwanyika ija tinaidya ndi masipuni. Achemwali anaseka mpaka duku linagwa. Pakati pa chakudya achimwene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, chifuwa chakocho n'chodabwitsa. Chimangobwera pangalande." Ndinatsamwa ndi kalongonda. Za ulendo wa mawa sananene kanthu, ndipo ine sindinadziwe chimene atsimikiza.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mzime anakwera chapa yake ya ku Mocuba. Achimwene ananyamula chikwama, ndipo achemwali anati mlendo saperekezedwa theka, tikawasiya pamalire penipeni. Ndinkaopa kuti tikafika kumeneko achimwene angowagwira dzanja n'kunena kuti tiyeni, katundu abwera pambuyo.

Msewu wa ku Muloza tsiku limenelo unali wodzaza njinga zonyamula matumba a chimanga, ena akukankha, ena akuliza mabelu, amtengatenga akuthamanga ndi mitolo pamutu. Achemwali anatsogolanso. Belu likalira kumbuyo ankapatukira kumanzere, ngolo ikamveka kutsogolo ankaima kuti idutse. Ine sindinatsokomole ngakhale kamodzi, ndinalibe nazonso mphamvu. Titayandikira chipata cha malire, pamene mtsinje umamveka, anaima okha.

"Phiri lija dzulo linali mumtambo, eti?"

Achimwene anaika chikwama pansi. "Munadziwa bwanji?"

"Mawu ako ananjenjemera. Kuyambira uli mwana sudziwa kunama." Anawafunafuna ndi dzanja mpaka anagwira mkono wawo. "Ndiye tisavutane. Maso anga apita, zimenezo n'zoona. Koma kuchokera kunyumba kufika pano wandiona ndikupunthwa? Dziko ili ndimalidziwa ndi mapazi. Ndikudziwa pamene pali mtondo wanga, pamene pali chitsime, pamene pali munda. Kuona kwanga kwathera pano pamene ndaimapa. Ukandiwolotsa mtsinje uwu, ndiye kuti wandikolowola maso ndiwe."

"Nanga mukadzagwera pamoto?"

"Ndidzagwera pamoto wanga."

Njinga zinkatidutsa mbali zonse, wina mpaka anatikalipira kuti tatseka njira. Kenako achimwene anavula chipewa, anagwira dzanja la achemwali ndi manja awo onse awiri, n'kuwerama ngati mmene tinkachitira kwa amayi.

"Tsalani bwino, achemwali."

Anatola chikwama n'kulowa pachipata okha. Ine ndinangokhala pansi pamwala wa m'mbali mwa msewu.

"Wawoloka?" anafunsa achemwali patapita kanthawi.

"Awoloka."

"Akulira?"

"Akulira."

"Msiye alire, ndi mwana wabwino ameneyo." Anapukuta nkhope yawo ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenuka. "Dzuka iwe, nandolo wanga akuthetheka kumunda."

Ndinadzuka n'kuwatsatira.