Tsiku limene ndinapumitsa nsomba za bwana

Ndinali ndi zaka khumi pamene mayi ananditumiza ku boda ya Mchinji kukathera holide kwa azakhali anga, a Nachisale. Iwo ankagwira ntchito yokolopa pa resitihausi ina imene munkagona madalaivala a mathiraki odikira mapepala. Eni ake, amene tonse tinkangowatchula kuti bwana, ankayendayenda ku Beira, ndipo anabwerako ndi chinthu chimene ine wa ku Dambe ndinali ndisanachionepo: thanki yagalasi ya madzi amchere, muli nsomba zisanu za m'nyanja yaikulu, zachikasu ndi zabuluu, ndi miyala yamoyo yomera tinthu togwedezeka.

Ntchito ya azakhali inkadalira thankiyo. Ofuna kukolopa anali mbwee pa boda, koma wodziwa kusunga nsombazo anali iwo okha, mayi amene sukulu anailekezera sitandade 2. Bwana ankanena poyera kuti tsiku limene nsombazo zidzafe, azakhali adzalongedza katundu.

M'thankimo munali kapampu kakuda komata pagalasi, kolira osalekeza, kokankha madzi. Ine kankandinyansa. Ndinkaona kansomba kachikasu kakulimbana ndi mafunde ake osapuma, mtima n'kumandiwawa. Tsiku lina m'mawa, bwana ali ku Chipata ndipo azakhali atapita kumsika, ndinazula pulagi. Madzi anachita bata, ine n'kupita kukasewera fulaye ndikudzimva kuti ndine munthu wabwino kwambiri.

Masana ndinapeza azakhali ataima pathanki, dengu likadali pamutu. Nsomba zonse zinali pamwamba zikupuma mwawefuwefu, tinthu ta pamiyala tija titafota. Azakhali anabwezera pulagi. Pampu inangong'ung'udza, osazungulira.

"Wazimitsa ndiwe?"

"Ndimafuna zipumeko, azakhali."

"Zipumeko! Tenga jagi iyo. Uzitunga madzi omwemo n'kumawathira kuchokera m'mwamba. Usaleke mpaka nditanena."

Ndinkayembekezera mbama, koma analibe nthawi yake. Anazulanso pulagi, natulutsa pampu m'madzi, naitsegula patebulo ndi chikhadabo. M'kati munali kafani kakang'ono ngati chala, kokutidwa ndi zoyera zouma ngati za m'ketulo.

"Ikamayenda imalimbana nazo izi," anatero osandiyang'ana, "koma ikangoima zimaigwira, sidzukanso."

Viniga anali atatha, choncho anafinyira mandimu m'kapu, naviikamo kafaniko. Kenako anakhala pansi n'kudikira. Kudikira kumeneko ndi kumene kumandigometsa mpaka lero. Nsomba imodzi inali itayamba kugona chammbali, ine ndikulira mamina ali chuchuchu, mkono utachita dzanzi ndi jagi, koma iwo sanagwire mpeni kuti apale zifulumire. Ankadziwa kuti kafaniko kakakandika, kena sakakapeza ngakhale ku Chipata. Zoyerazo zitafewa, anazitsuka ndi mswachi wakale, nachotsa kankhono kamene kanatseka polowera madzi, natsukuluza ndi madzi amvula a mumgolo, nabwezera chilichonse m'malo mwake.

Ataiyatsa, anagwira dzanja langa n'kuliika pagalasi. Ndinamva kunjenjemera kosalala, ndipo pamwamba pa madzi panayambanso kuvinduka.

"Mpweya umalowera pamenepo," anatero. "Madzi akaima, zimabanika."

Nsomba zinayi zinatsitsimuka. Kachikasu kaja, kamene ndinkakamvera chisoni, kanafa.

Bwana atabwera, ndinabisala kuseri kwa chitseko. Azakhali anawaonetsa kansombako m'mbale.

"Ndinasiya mwana osamuuza ntchito ya pampu, bwana. Kulakwa n'kwanga."

Bwana anayang'anitsitsa zinayi zotsalazo. Kenako anafunsa kuti pampu wakonza ndani, ndipo atamva, anangopukusa mutu n'kulowa m'chipinda. M'mawa mwake azakhali anatenga chokolopera chawo monga mwa masiku onse, ndipo za kulongedza sizinamvekenso.

Lero ndine namwino. Kawirikawiri ndimapeza wachibale akufuna kuchotsa kapaipi ka mpweya m'mphuno mwa wodwala, ati kakumuvutitsa. Sindimukalipira, chifukwa chisoni chakecho ndimachidziwa bwino. Ndimamukhazika pansi n'kumufotokozera, ndipo ndikapeza atachotsa kale, ndimayamba ndadzifunsa ngati ine ndinamuuza ntchito ya kapaipiko.