Ola la Kompyuta Yathu Linali Lalitali

Mwana wanga woyamba anayamwa miyezi ingapo chifukwa cha kulakwitsa kwa kompyuta, ndipo anasiya kuyamwa kompyutayo itakonzedwa. Ndikafotokozera anthu amaseka, nanenso ndimawathandiza kuseka, koma si nkhani imene ndimaikonda.

Zinali zaka zakumapeto kwa chipani chimodzi, muja unga tinkaupeza pamzere, sopo n'kumangomumva m'mphekesera. Ndinkagwira ntchito pakampani ina yogulitsa zitsulo za malole ndi mathirakitala, kudera la mafakitale mu Lusaka. Ntchito yanga inali kutayipa. Tinalipo amayi angapo m'chipinda chopanda mawindo, aliyense ndi sikirini yake ya zilembo zobiriwira, kulowetsa mapepala a katundu wobwera ndi wotuluka. Kompyuta yeniyeniyo inali kuseri kwa galasi, yaikulu ngati makabati awiri a zovala, ikung'ung'udza tsiku lonse. Chipindacho ankachiziziritsa chifukwa cha iyo, ife tinkangovala majuzi ngakhale mu Okutobala.

Bambo a mwanayu ankayendetsa lole panjira ya ku Tanzania, kubwera kwawo kunali kwa mlendo. Tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Kabwata, ndipo tchuthi cha uchembere chitatha ndinalibe wosiyira mwana. Anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa vitumbuwa pansi pa mtengo, moyang'anana ndi geti la kampani. Anali Msilamu, makolo ake anachokera ku Malawi, mayi wa mpango kumutu ndi pakamwa posabisa mawu. Atandiona m'mawa wina nditaima ndi mwana kumbuyo, nditangoti kakasi, anandikodola.

"Nanga muzamuika mu handibegi? Muleteni kuno, azankala na ine."

Kuyambira pamenepo ndinkakwera minibasi ndi mwana mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi kukafika kumafakitale, kumusiya pamphasa pambali pa beseni la vitumbuwa. Ndinkatuluka kukamuyamwitsa kummawa dzuwa litakwera, kenaka pa nkhomaliro, kenakanso chakumasana. Kapitawo wathu, mayi wa Chibemba wonenepa bwino, ankayang'ana kumbali ndikamadzuka pampando. Iye ankangofuna chinthu chimodzi, kuti Lachisanu ndisamuchititse manyazi.

Lachisanu linali tsiku la chiweruzo. Kompyuta inkawerenga mapepala amene aliyense walowetsa, n'kugawa ndi maola amene wakhala pasikirini, ndipo panali mzere umene sunkayenera kutsikira. Ukatuluka panja maola ako ankayendabe. Kapitawo ankaima pakati pathu n'kuwerenga mokweza amene apitirira mzere ndi amene agwa. Ukagwa kangapo motsatizana ankakuitana kuofesi, ndipo obwerako kumeneko ankabwera kudzatenga juzi lawo basi. Ine sindinkagwa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ine sukulu sindinapite nayo patali koma zala zanga zinali zachangu.

Tonse tinkadziwa kuti wotchi ya kompyutayo inali yaulesi. M'mawa uliwonse woyatsa makina ankailembera nthawi yolondola, koma pofika seventini awazi, ife tikutolera zikwama, pangodya ya sikirini pankaonetsa ngati masana akadalipo ambiri. Tinkaiseka kuti inakulira kumudzi, imayendera dzuwa. Palibe ankavutika nazo, wotchi yapakhoma inalipo, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri.

Amene ankavutika anali madalaivala ndi alonda a pageti. Pepala la kompyuta linkanena nthawi ina, buku la mlonda nthawi ina, ndipo lole imene yangotuluka kumene inkaoneka ngati yachedwa panjira. Mikangano itachuluka, kampani inalemba injiniya, mnyamata wongochoka kuyunivesite, wokhala ndi makolo ake ku Woodlands. Anali waulemu, wowonda, wokonda kufotokoza zinthu ngakhale kwa munthu amene sanafunse. Atamva kuti kwathu n'kummawa ngati kwawo, anayamba kunditchula kuti ba sisi.

Tsiku lina pa tiyi anabwera nkhope ikuwala ngati watola chikwama.

"Ba sisi, naipeza! Iyi mashini ilibe wochi mukati. Imapenda chabe."

Ndinamufunsa kuti imawerenga chiyani. Anakoka mpando. Anati pansi pa mapulogalamu onse pali imodzi imene imalamulira anzake, yogawa ntchito ndi kusunga nthawi, ndipo anaitchula kuti kenelo. Magetsi a m'khoma, anatero, sayenda mwakachetechete monga timaganizira, amagunda ngati mtima. Akagunda kamodzi, keneloyo imasiya chimene ikuchita, n'kuwonjezera chimodzi pa chiwerengero chake, n'kubwerera kuntchito. Nthawi yonse imene kompyuta imadziwa ndi mulu wa kugunda kumeneko. Tsono kudziko kumene inapangidwa magetsi amagunda ka sikisite pa sekondi, pamene athu kuno amagunda ka fifite. Obwera nayo anaiwala kuiuza kuti yasamuka. Inkadikirabe kuti kugunda kukwane sikisite isanavomere kuti sekondi yatha, choncho sekondi yake inkatalika, mphindi yake inkatalika, ndipo ola lake linali ndi mphindi khumi ndi ziwiri zapamwamba.

"Ndiye kuti imatipatsa mbasela," ndinatero.

"Eya, mbasela ya twelofu minitsi, evule awa!"

"Nanga pakati pa kugunda ndi kugunda imaona chani, ba injiniya?"

"Kulibe. Apo siona chilichonse. Kuli yeve nthawi imajumpa chabe."

Ndinamuuza kuti ili ndi mwayi, ife timaona zonse. Tinaseka, ine n'kumwa tiyi wanga mothamanga chifukwa mwana anali akundidikira. Mutu wanga masiku amenewo unali wa munthu wosagona mokwanira, sindinalumikize chilichonse.

Loweruka lina mnyamatayo anatsala yekha ndi matepi ake a kompyuta. Anasintha nambala imodzi yokha, koma anati kuti nambalayo igwire anayenera kumanga keneloyo yonse mwatsopano. Lolemba masana tinayang'ana pangodya ya sikirini, tinayang'ana pakhoma, zinali chimodzimodzi. Tinamuombera m'manja. Inenso ndinaomba, ndi manja anga omwewa.

Lachisanu lake kapitawo anaima pakati pathu ndi pepala, anawerenga, anasiya, anapukuta magalasi ake n'kuyambiranso. Tonse tinali titagwa. Ngakhale ine.

"Shani imwe banakazi? Mwalowedwa chani iyi wiki?"

Chifukwa chake ndinachizindikira madzulo ndili m'minibasi, mwana ali pamiyendo, thukuta la munthu wina likundidonthera paphewa. Mzere uja anaujambula kalekale poyeza ifeyo ndi ola la kompyuta, ola lalitali lija. Tsopano ola linali litafupika koma mzere unali pomwepo. Mbasela ija, imene ndinkaiseka pa tiyi, ndi imene ndinkaisonkhanitsa tsiku lonse osadziwa, n'kukaipereka kwa mwana wanga pansi pa mtengo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba ndinalawirira kwa injiniya uja n'kumufotokozera. Analemba tinambala papepala, nkhope inagwa, ndipo ndimuyamikire apa, anapita yekha kwa abwana oyang'anira antchito kukanena kuti mzerewo utsitsidwe chifukwa unayezedwa ndi ola labodza. Anabwerako manja ali m'khosi. Abwana anamumvetsa bwinobwino, sanali munthu wopusa. Koma masiku amenewo pakampani iliyonse panali komiti ya chipani, wailesi inkangolalikira zoti tigwire ntchito molimbika, ndipo panalibe munthu wofuna kuti dzina lake lioneke pansi pa nambala yotsika. Anati nkhaniyo aiona. Madzulo anakwera galimoto yawo kupita ku Kabulonga, ndipo mpaka ndinachoka pakampanipo anali akuionabe.

Ndinabwerera kwa mnyamatayo, ulemu nditausiya pakhomo.

"Bwezelani sikisite yanu, ba injiniya. Ndani azaziba?"

"Ba sisi, madalaiva bazayamba futi kuvutika. Elo siningaiuze boza mashini, manje naziba kuti ni boza."

"Mashini simungainamize, koma mwana wanga ndiye mungamunamize?"

Maso ake anali atafiira, ankangozunguza cholembera m'manja. Ndinkafuna kumuda, zikanandipepukira, koma ndinalibe mphamvu zake. Iye sanalakwe, madalaivala sanalakwe, ndipo chinthu chotopetsa kwambiri padziko ndi kupwetekedwa popanda woti umuloze chala.

Ndinayesa zala zanga ndipo ndinapeza kuti mzere ndikhoza kuufika, koma pokhapokha ndisadzuke pampando. Tiyi ndinasiya, madzi ndinachepetsa kuti ndisamapite kuchimbudzi. Kuyamwitsa kunatsala kwa pa nkhomaliro kokha. M'chipinda muja simunkamveka kulira kwa panja, koma thupi la mayi silifuna kuuzidwa. Nthawi yake ikakwana mabere ankalemera n'kuyamba kuwawa, ndipo ndinkaika tinsanza m'kati mwa bulauzi kuti ndisadzichititse manyazi. Ndinkatayipa mano nditaluma. Amayi awiri achikulire, amene zala zawo zinali zitayamba kuuma, anaitanidwa kuofesi mwezi womwewo.

Panja zinthu sizinali bwino. Mwana anali atazolowera nthawi zake, ndipo zikakwana ankayang'ana kugeti n'kuyamba kulira, kulira kosatonthozeka. Phala ankalilavula. Mkaka wam'chitini m'masitolo munalibe, ukaupeza kwa ogulitsa mobisa mtengo wake unali wa anthu ena. Ndikatuluka pa nkhomaliro ndinkamupeza atasasa mawu, ankayamwa mwaukali uku akusisima, ndipo ndikamuchotsa kuti ndibwerere ankandikanda. Masaya ake anayamba kuphwa.

Mayi wa vitumbuwa anapirira masabata angapo, kenaka anandikhazika pansi.

"Amake mwana, mvelani. Uyu aziba kuti bele ili kuseli kwa mpanda, ndiye chifukwa akana phala. Olo mumupase monga kale, olo mumulese. Ivi va pakati vizamudwalisa."

Ndinati sanayambe n'kuyenda komwe. Kwathu mwana saletsedwa bere asanayende, ndipo ndinkadziwa zimene amayi a pampopi ku Kabwata adzanene, kuti ndatumbiza, ndili ndi pathupi pena, chonsecho mwamuna ali kunjira. Mayiyo anangogwedeza mutu.

"Bantu bazakamba, bazalema. Nchito ikasila muzadya vokamba vawo?"

Ndinadikira sabata ina, kuyembekeza kuti mwina abwana aiona nkhani ija, mwina lole ibwera ndi mwamuna wondithandiza kuganiza. Palibe chinabwera. Ndinaganizapo zosiya ntchito, koma kusiya ntchito kunali kusiya kachipinda kaja ndi unga womwe, ndiye bere lopanda chakudya likanatulutsa chiyani.

Linali Lachitatu pa nkhomaliro. Tinapita kuseri kwa mtengo, mayiyo atatchinga ndi chitenje kuti amuna ogula vitumbuwa asaone. Anasinja tsabola pang'ono pa chivundikiro cha poto, nandipatsa kuti ndipake kubere ndekha. Ananena kuti dzanja la mayi ndilo liyenera kutero. Kunkawotcha ngati moto, koma zimenezo sindinazisamale. Mwana atandiona anadumphadumpha pamphasa, manja m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Ndinamunyamula, ndinamuika monga mwa masiku onse.

Anayamwa kamodzi. Anasiya, nandiyang'ana. Sanalire msanga ayi, anayamba wandiyang'ana kaye, maso ali tong'o, ngati akufunsa ngati ndine yemwe uja. Kenaka anakuwa, thupi lonse kuuma, nayesanso, nakuwanso. Mayi uja anamutenga m'manja mwanga n'kumumwetsa madzi a shuga pa supuni. Ine ndinapukuta, ndinamanga bulauzi, ndinawoloka msewu. Ndinakhala pampando nthawi isanakwane, ndipo masana amenewo ndinatayipa mapepala ambiri kuposa tsiku lina lililonse.

Lachisanu kapitawo anawerenga dzina langa pakati pa opitirira mzere. Injiniya uja anali ataima pakhomo, ndipo anamwetulira ngati munthu amene amutula katundu. Ndinamugwedezera mutu.

Poweruka ndinapeza mwana ali phee pamiyendo pa mayi wa vitumbuwa, phala lili m'masaya, mbale ili mbee. Anali atadya bwino, mayiyo anatero, tsiku lachitatu lotsatizana. Ndinayamika, ndinamasula chitenje changa, ndinawerama kuti ndimubereke tizipita. Anandiyang'ana, anayang'ana pachifuwa panga, kenaka anatembenuka n'kubisa nkhope m'khwapa mwa mayi uja, timanja take titagwira mpango wake zolimba. Tinachita kumumasula chala chimodzichimodzi.