Chilimwe cha Nyenje

Ndimakumbukirabe makoko a nyenje atakakamira pamatayala a galimoto yathu, chilimwe chija zinatuluka m'nthaka ya mzinda wa Indianapolis mwaunyinji wosaneneka. Aneba ankazisesa monyansidwa, koma amayi, amene anali atangosamuka nafe kuchokera ku South Bend atapeza ntchito kuchipatala, ankandidzutsa m'mamawa kuti tikatole zisanayambe kuuluka. Tinkazithothola mapiko, iwo n'kuzikazinga ndi mchere, nyumba yonse n'kumanunkhira ngati mtedza wokazinga. Apo m'pamene anandiphunzitsa mmene kwathu kumudzi amagawira zamoyo: pali nyama, mbalame, nsomba, zokwawa, ndiye tizilombo. Koma kachilombo kakangogwera m'chiwaya, ankatero akuseka, kasanduka ndiwo basi.

Masiku omwewo aphunzitsi anatipatsa ntchito yogawa zinyama m'magulu papepala lalikulu: zamsana, zopanda msana, zoyamwitsa, zoikira mazira. Ine, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kodzimva nzeru, ndinawonjezera gulu langalanga, la ndiwo, n'kujambulamo nyenje, ngumbi ndi mbewa. Anzanga anaseka mpaka misozi, ena n'kumachita ngati akusanza, amvekere ndine wabodza. Sindinalire. Ndinawauza kuti adikire tsiku la makolo, amayi anga adzawauza okha.

Anabweradi, atavala yunifolomu yakuntchito, n'kuima patsogolo pa pepala langa. Aphunzitsi atawafunsa mwaulemu ngati zinali zoona, anaseka kaseko kamene ndinali ndisanakamvepo, n'kuyankha m'Chingerezi kuti mwanayu amakonda kupeka nkhani, kwathu sitidya zoterezi. Ankalankhula ndi pakamwa pomwepo pamene panatafuna nyenje m'mawa wa tsikulo. Zinandiwawa kuposa kuseka kwa kalasi yonse, chifukwa ndinali nditaika mtima wanga wonse pa iwo. M'galimoto, tikudutsa mumsewu wa Lafayette Road, anangoti, "Kwa eni kulibe mkuwe, mwanawe. Ukufuna atilipote kuboma kuti ndimakudyetsa tizilombo?"

Lero mantha awo ndimawamvetsa, komabe dzina la wabodza ndinalisenza ndekha mpaka ndinachoka pasukulupo. Nyenje zitatulukanso patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amayi anafika kwanga ndi mbale yodzaza, akuitana mdzukulu wawo kuti alawe. Mwana wangayo anandiyang'ana n'kufunsa ngati kwathu timadyadi zimenezo. Ndinangodzimva ndikuseka kaseko komwe kaja, ndikumuyankha m'Chingerezi kuti ayi. Amayi anavindikira mbale yawo mwakachetechete, ndipo fungo lija silinamvekenso m'nyumba mwathu.