Zala za Nehemiah Mvula

Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, tauni yonse ya Kitwe inali ng'oma ndi nthungululu. Nehemiah Mvula anali chigonere m'chipatala, kumaso atamukulunga nsalu. Ufuluwo anangoumva ndi makutu.

Milungu itatu m'mbuyomo, bomba lophwanyira miyala linaphulika nthawi isanakwane pansi pa mgodi wa kopa umene iye ankagwirako ntchito. Anzake awiri anafera pomwepo. Iye anatuluka wamoyo, koma tsiku limene dokotala anamasula nsalu zija, Nehemiah anafunsa kuti, "Kodi mwamasula kale?" Anangomva mkazi wake Ennie akusisima chapakhomo.

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, khalani pansi mumve za munthu ameneyu.

Nehemiah anabwera ku migodi kuchokera ku Katete ali mnyamata. Anali wa mpingo wa Reformed, umene anthu ankangouti wa Dachi, ndipo Lamulungu lililonse ndiye ankaimirira kutsogolo kuwerenga Mawu. Tsopano maso anapita, ntchito inatha, ndipo nyumba ya kampani anaisiyira wina. Banja linasamukira m'kachipinda kamodzi m'komboni ya Kwacha. Ennie anayamba kulawirira ku minda ya ku Garneton kukatenga repu ndi tomato, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, mwana wawo Annet ali kumbuyo.

Nehemiah analeka kupemphera. Akulu a mpingo atabwera kudzamuona, anawauza kuti, "Imbani ngati mukufuna, koma musandiwerengere." Baibulo lake analamula kuti alitsekere m'sutikesi.

Tsiku lina anaitana mkazi wake.

"Amake Annet, tengani mwana mubwerere kwa makolo anu. Mwamuna wake uti wochita kutsogoleredwa ndi kuchimbudzi komwe?"

Ennie anayankha osakweza mawu. "Atate ake Annet, tsiku la ukwati sindinalonjeze kwa maso anu. Ndinalonjeza kwa inu."

Panali munthu wina amene sanatope naye. Dzina lake Evaristo Daka, Mkatolika wa ku Petauke, amene ankagwira naye ntchito pansi pa mgodi. Kumidzi kumene awiriwa anakulira, Akatolika ndi a Dachi sankapondana m'matchalitchi, ndipo ngakhale pansi pa mgodi ankakangana za Maria ndi kolona mpaka belu lowerukira. Koma Lamulungu lililonse, Misa yoyamba ikangotha, Evaristo ankafika pakhomo ndi njinga yake. Kasanu ndi kamodzi Nehemiah anamubweza.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri Evaristo sanachoke.

"Ba Mvula, ine kutchalitchi kwathu sindikukuitanirani. Ndikukuperekezani kwanu. Tikangana bwino mukachira mtima. Manje kwerani njinga, akulu."

Nehemiah anakwera. Evaristo anamufikitsa pakhomo la tchalitchi cha Dachi, iye n'kukhala panja pansi pa mtengo wa mango, kolona m'manja. M'katimo, munthu wina anaimirira pamalo pa Nehemiah, akuwerenga mojejema. Nehemiah ankadziwa mawu aliwonse otsatira, koma sakanatha kuwaona. Anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Evaristo anamva kwa asisitere ena za mayi wina wa ku Ndola, Keziya Shawa, wosaona chibadwire, amene anaphunzira kusukulu ya osaona ku Magwero ndipo ankawerenga ndi zala zilembo za timadontho totupa papepala. Loweruka lina Evaristo ndi Nehemiah anakwera basi kupita kwa mayiyo.

Keziya anaika pepala pa mawondo a Nehemiah. "Mukumva madontho angati?"

Nehemiah anasisita, n'kusisitanso. "Palibe kanthu apa, amayi."

Keziya anamugwira dzanja, napeza zala zokakala ngati khungwa la mtengo. Zaka khumi ndi zitatu za fosholo ndi chitsulo chobowolera miyala zinali zitapha khungu lonse. Nehemiah anaseka kuseka kowawa.

"Mgodi unadya maso, wadyanso ndi zala. Tiyeni tizipita, Evaristo."

"Khungu limamera lina, bambo," anatero Keziya. "Funso ndi lakuti mudikira kapena ayi."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanapite ku Garneton, Ennie ankaviika zala za mwamuna wake m'madzi ofunda, kuzikhula ndi kamwala, n'kuzipaka mafuta. Nthawi zina zinkatuluka magazi. Loweruka lililonse Evaristo ankapita naye ku Ndola. Miyezi isanu inatha Nehemiah asanamve dontho ndi limodzi lomwe. Kawiri anataya pepala pansi, ndipo kawiri Ennie analitola n'kulibwezera m'manja mwake.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi chala cha Nehemiah chinaima pa kadontho. Kenako kena. Chaka chisanathe ankalumikiza mawu, ndipo Keziya anamubwereka buku lalikulu lolemera, Uthenga Wabwino wa Yohane wa madontho.

Koma nthawi yomweyo Ennie anali atayamba kutsokomola. Ankati ndi mphepo ya m'mawa chabe. Nehemiah sakanatha kuona mmene mkazi wake ankaondera. Anazindikira tsiku lina atamugwira mkono, napeza mafupa okhaokha. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo anachedwa nacho.

Masiku otsiriza Nehemiah ankakhala pambali pa mphasa, buku pa mawondo, akumuwerengera pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Akalakwitsa ankapepesa.

"Musapepese," ankatero Ennie. "Bwerezani. Ndilibe kothamangira."

Ennie anamwalira mu Julayi 1967.

Kumanda, mbusa atatsegula Baibulo, Nehemiah anapempha kuti awerenge yekha. Anthu anayang'anana. Evaristo anaima patsogolo pake n'kunyamula buku lija ndi manja awiri ngati tebulo. Nehemiah anayala zala zake nayamba nkhani ya Lazaro. Atafika pamene Yesu analira pamanda a bwenzi lake, mawu anamuthawa. Anaima nthawi yaitali, chala chili pamalo pomwepo. Kenako anapitiriza mpaka Lazaro atatuluka m'manda.

Tsiku limenelo amayi a Chigwirizano a mpingo wa Dachi anaimba nyimbo imodzi ndi amayi Achikatolika amene mkazi wa Evaristo anabwera nawo, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti ndi wa mpingo uti.

Chisoni sichinathe msanga. Panali masiku amene Nehemiah sankafuna kudzuka, koma Annet ankafunika kuleredwa, ndipo buku linali pomwepo. Patapita zaka ziwiri mpingo unamuika kukhala mlaliki. Anayenda m'makomboni a Kitwe ndi Ndola ndi ndodo yake, kufunafuna anthu amene mgodi unawalanda maso. Ena anali a Dachi, ena Akatolika, ena sankapemphera n'komwe. Onse ankayamba nawo ndi beseni la madzi ofunda ndi kamwala. Pamene ankakalamba, anthu oposa makumi awiri ankawerenga ndi zala chifukwa cha iye, ndipo Annet anali mphunzitsi.

Maso a Nehemiah sanabwerere. Ennie sanabwerere. Mulungu sanamubwezere zimene zinatayika, koma sanamusiye yekha m'menemo, ndipo pa zochepa zimene zinatsala anamangapo moyo wina.

Mwina inunso mwasisita pepala lanu miyezi isanu osamva kanthu. Mwina wobwera ndi njinga pakhomo panu si wa mpingo wanu. Mutsegulireni. Mawa m'mawa viikaninso zala m'madzi, ngakhale misozi ikutsika. Musataye mtima.